Achinyamata azifunsidwa paokha za kunyumba kwawo

Akonzi,

Ofufuza akafuna kudziwa momwe wachinyamata amaonera banja lake, azimufunsa ali yekha, makolo atatalikira. Ndikulemba nditawerenga nkhani yanu ya nkhawa pakati pa ana asukulu.

Ndinaperekezapo ofufuza m'mudzi mwathu. Mtsikana wina wa Fomu 2 ankangoyankha kuti "zili bwino" pa funso lililonse, maso ali pansi, amalume ake ali pampando pakhonde pomwepo, akumva zonse. Ine ndinkadziwa kuti mwanayo wagona ndi njala masiku awiri chifukwa cha mkangano wa m'nyumba. Papepala ofufuzawo analemba kuti banjalo ndi lamtendere. Mwana woleredwa mwaulemu sanganene akulu pamaso pawo.

Chinanso ndi mafunsowo. Ambiri ndi obwera, monga asanu otchedwa Family APGAR amene Gabriel Smilkstein anakonza ku America mu 1978. Amafunsa ngati ukukhutira ndi chithandizo cha "banja lako" ukakhala pa vuto. Nanga mwana amene mayi ake ali ku Johannesburg, bambo anakwatira kwina, akumulera ndi agogo, fizi akulipira amalume, aziganizira ndani poyankha?

Ndikupempha kuti funso loyamba lizikhala lakuti: "Kodi iwe umati banja lako ndi ndani?" Mafunso omasuliridwa ayambe ayesedwa pa achinyamata enieni asanapite kumidzi. Ndipo mwana akaulula nkhanza, wofunsayo asangochonga n'kumapita. Amuuze za nambala ya foni yaulere ya 116 yothandiza ana.

Mphunzitsi wodandaula,
Dedza