Kwa mwana wanga amene akuuluka usiku ku Area 25

Mwana wanga,

Kuno tadzuka, kupatula mwendo wa amayi ako umene wayambiranso ndi kuziziraku. Ndikhulupirira mdzukulu wanga wasiya kutsokomola.

Sindizungulira. Mlongo wako anabwera Loweruka, anakhala pakhonde nthawi yaitali akungotokosa nsima, kenaka anatiuza kuti watenga katapila. Ndinayamba ndaganiza kuti ndi za njerwa za pa puloti paja kapena fizi ya mwana. Akuti ayi, ndi za chogwirira ndege za pa kompyuta, ndi ndege zina ziwiri zogula ndi madola. Usamukalipire mlongo wako. Anamva kwa mkazi wako, ndipo mkazi wakoyo sankakuneneza, ankangolira. Tsono ndikufuna ndimve kuchokera pakamwa pako: n'zoona kapena ayi? Ngati n'zoona, unatenga zingati, ndipo mwini ndalamayo akufuna zingati mwezi ukatha?

Amayi ako akuti ndikuuze ugulitse kompyutayo lero lomwe. Ine sindikutero. Kukonda ndege unayamwira m'nyumba muno. Ndikukuonabe uli paphewa panga kumpanda kuja ku Chileka, utatseka makutu ndi timanja, koma ukukana kuti tizipita mpaka ina itere. Unkatenga mageji a ndege akutha amene ndinkabwera nawo kuchokera kuntchito, n'kuwayala pamphasa, n'kumalamula azibale ako kuti amange malamba. Ndiye masewerawo sindikudana nawo. Chikundipweteka ndi ndalama, komanso chifukwa chimene ukuzitayira, chifukwa ndinachiona ndi maso anga.

Pa Khrisimasi paja unandikhazika pambali pako kuti ndione DCS World yakoyo, masewera aja a ndege zankhondo a pa kompyuta. Iwe unkaganiza kuti ndikuonera mizinga. Ine ndinkayang'ana maso ako. Sanatsikepo pa mageji ngakhale kamodzi. Anali kunja, kusakasaka mdani, ndipo makutu anali kwa mnzako uja amene ankakuwa m'mahedifoni. Ndege yako sinkagwetsedwa ndi munthu ayi. Unkaigwetsa wekha, mwina paphiri, mwina m'nyanja, mwina pokhota liwiro litatha. Ukagwa, mnzakoyo ankati vuto ndi ndege, ugule F-16, ugule Hornet, ugule joystick (chogwirira ndege) ya chitsulo. Iyeyo alibe mkazi, alibe mwana, amadya kwa makolo ake. Ndege imodzi ya mtundu umenewo ndi madola pafupifupi 80. Madola, mwana wanga, m'dziko limene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo madolawo ukudziwa wekha kumene anthu akuwagula ndi mtengo wake. Ndege yatsopanoyo ukaigula udzaigwetsa paphiri lomwelo, chifukwa nayonso ili ndi mageji, ndipo ndi ochuluka kuposa a imene ukulephera kuiwerengayo.

Mlongo wako wandionetsa pa foni kuti a Eagle Dynamics, eni masewerawo, amapereka ndege ziwiri zaulere: Su-25T ndi TF-51D Mustang. Amalolanso kuyesa ndege zogulitsazo masiku 14 osalipira kanthu. Buku la ndege iliyonse limabwera nayo, laulere. Unalitsegulapo? Zonse zimene munthu woyamba ayenera kuphunzira zili mu Mustang yopanda mfutiyo, ndipo ndikuuza mmene uziyang'anira, popeza ntchito imeneyi ndi imene inakulera.

Woyendetsa ndege yeniyeni amamva m'thako ndi m'mimba ndege ikamakwera kapena kutsika, ngakhale thupilo limamunamizanso. Mu 1954, ku yunivesite ya Illinois anayesa oyendetsa ndege 20 amene sanaphunzire kuuluka ndi mageji okha. Atawabisira kunja, onse analephera kuiwongolera ndege, ndipo pa avareji zinangotenga masekondi 178. Iwe uli pampando wa pulasitiki pabalaza, sumva chilichonse m'thupi. Mageji ndiwo thupi lako lonse.

Ndege zambiri za kumadzulo zimayala mageji anayi ofunika ngati chilembo cha T. Pakati pamwamba pali artificial horizon, imene imakuuza ngati mphuno yaloza kumwamba kapena pansi, ndiponso ngati wapendekera. Kumanzere kwake kuli ya liwiro, kumanja ya kutalika, pansi pake ya kumene walunjika. Ndege zankhondo zakale ngati Mustang sizinayalidwe mwaudongo chonchi, ndiye uyambe wafufuza pamene iliyonse ili injini isanalire. Maso ako akhale pa horizon, adumphire pa liwiro n'kubwerera, adumphire pa kutalika n'kubwerera, kenaka kunja. Osakakamira pa geji imodzi. Munthu woyamba akaona kuti watsika, amayang'anitsitsa altimeter, geji ya kutalika ija, ngati imuyankha, pamene ndege ikupendekera iye osadziwa.

Horizon imeneyi usaiderere, makamaka iwe amene ukudumphadumpha kuchoka pa ndege ya ku Russia kupita pa ya ku America. Pa ya ku America, kachizindikiro ka ndege kamakhala chilili, mzere wa dziko ndi umene umapendekera. Pa Su-25T ndi zosiyana: mzere supendekera, kandegeko ndi kamene kamapendekera. Masana kunja kukuwala sudzaona vuto. Ukalowa mumtambo, mutu udzawerenga geji ina ndi chizolowezi cha inzake, ndipo udzawonjezera kupendekera uku ukuganiza kuti ukuwongola. Zimenezi zinapha anthu enieni. Mu September 2008 Boeing 737 inagwa usiku ku Perm, ku Russia, anthu 88 anafa, ndipo chimodzi mwa zimene ofufuza anatchula n'chakuti oyendetsawo anazolowera horizon ya ndege za Soviet. Panalinso zifukwa zina, koma icho chinalipo. N'chifukwa chake ndikuti ndege imodzi. Imodzi basi, mpaka uziilota. Waona kuti ngakhale kuulukako kukugwirizana ndi thumba lako?

Geji ya liwiro uyambe waifunsa kuti ikuwerenga mu chiyani. Su-25T imawerenga makilomita pa ola, Mustang mamailosi pa ola, Hornet ndi F-16 ma knot. Knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Ndiye 300 ya pa Hornet ndi makilomita oposa 550, pamene 300 ya pa Sukhoi, Su-25T ija, ndi ma knot 160 okha, liwiro loyandikira potera. Nambala yomweyo, ina uli pabwino, ina watsala pang'ono kugwa. Ndipo usaganize kuti stall, kuleka kunyamula kwa phiko, imabwera pokhapokha ukamayenda pang'onopang'ono. Phiko limasiya kunyamula mphepo ikamalimenya mopendekera kwambiri, ndipo ukakoka joystick mwaukali pothamangitsa mdani ukhoza kufika pamenepo uli pa liwiro lalikulu. Ndinakuona ukukoka ngati ukuzula chinangwa, ndege ikunjenjemera, iwe ukutukwana kompyuta. Kunjenjemerako kunali kukuchenjeza. Ukamva zimenezo, masula dzanja.

Dzanja limenelo ndi la agogo ako aamuna. Nawonso chilichonse ankachigwira mwamphamvu, khasu, njinga, ngakhale mwana. Koma ngongole ankaiopa kuposa njoka.

Altimeter ndiyo ndinkaikonda pa benchi, ndipo ndiyo imanamiza anthu aulesi. Siyeza mtunda wochoka pansi. Imayeza kulemera kwa mpweya, n'kukuuza kutalika kuchokera pamene waiuza kuti ayambire. Pali kawindo kakang'ono ndi kachitsulo kopotokola. Muyezo wa pakati ndi 1013 mu hectopascal, kapena mainchesi 29.92, kapena mamilimita 760 kwa anthu a ku Russia, zonsezo n'chimodzi. Ukaphonya ndi inchi imodzi, waphonya ndi mafiti pafupifupi 1,000. Ukaiika kuti iwerenge kuchokera pa nyanja yamchere, ndege itaima phee pa bwalo la Kamuzu kwanuko singano imaonetsa mafiti oposa 4,000, matayala ali pa phula. Tsono mapu a Caucasus amene mumamenyeranapo aja ali ndi Elbrus, phiri la mamita 5,642, pafupifupi kawiri Sapitwa. Ukaona 6,000 pa geji ya mafiti n'kumadzitonthoza kuti uli pamwamba, dziwa kuti sunafike ngakhale mamita 2,000. Pa Mustang singano zake ndi zitatu: yaitali ya mahandiredi, yaifupi ya masauzande, kakang'onong'ono ka masauzande khumikhumi. Uphunzire kuyamba ndi kakang'onoko. Radar altimeter ya pa Sukhoi ndiyo imayeza kuchoka pansi penipeni, koma imaona pansi pa mimba pokha. Phiri limene lili kutsogolo siliona.

Pali geji ina yoonetsa ngati ukukwera kapena kutsika. Imeneyo imachedwa ndi masekondi angapo, choncho usaithamangitse, apo ayi uzingowerama ndi kudzuka mlengalenga. Ndipo kampira kali mu kagalasi kokhota kaja, kakathawira kumanja ponda phazi lamanja, kakathawira kumanzere lamanzere. Mustang imafuna mapazi. Ndikudziwa kale zimene ukuganiza, kuti ugule mapedulo. Ayi! Joystick yakale ija imapotokoka, ikukwanira.

Umakumbukira tinsalu tofiira timene ndinkabwera nato m'thumba la ovolosi, amayi ako n'kumakalipa pochapa? Tinali totsekera pitot, kapaipi kamene kamamwa mphepo kutsogolo kuti geji ya liwiro igwire ntchito. Ndege ikagona pansi timakatseka, isananyamuke timatsegula, ndipo munthu amasayinira. Mu February 1996 Boeing 757 inanyamuka usiku ku Puerto Plata, ku Dominican Republic, itakhala pansi pafupifupi masabata atatu. Geji ya kaputeni inayamba kuonetsa liwiro lokwera pamene ndege inkataya liwiro. Inagwera m'nyanja ndi anthu 189. Ofufuza anakhulupirira kuti mavu anaumba chisa chadothi m'kapaipiko. Ya mnzake wa kumanja inkanena zoona, koma panalibe amene anaikhulupirira nthawi ikadalipo. N'chifukwa chake geji imodzi siikhulupiriridwa yokha. Mphuno ili m'mwamba, injini sunaisinthe, koma liwiro likukwera? Wina akunama pamenepo, funsa mageji enawo. M'masewera akowo muli switch ya pitot heat. Uziyatsa usanalowe mumtambo wozizira, chifukwa madzi akaundana m'kapaipiko zimachitika zomwezo.

Injini ya Mustang nayo ili ndi malire ake olembedwa. Mainchesi 61 a manifold pressure (mphamvu ya mpweya wolowa mu injini) pa 3,000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) ndi a mphindi 15 zokha. Ya ulendo wautali ndi mainchesi 46 pa 2,700. Iwe unkakankha throttle, chowonjezera mphamvu ya injini, mpaka kumapeto n'kuiiwala komweko, singano ya kutentha ikukwera, kenaka n'kumadabwa kuti injini yazima popanda wokuwombera.

Za galasi la HUD limene mnzako amatamanda lija, loti manambala onse amaoneka kutsogolo kwa maso, ndi labwino ndithu. Koma manambala ake ndi omwewa, liwiro, kutalika, kolowera, kupendekera. Wosawamva pa geji yozungulira sadzawamvanso pa galasi. Ndipo ndege zodulazo zimakhalabe ndi timageji tozungulira pafupi ndi bondo, todikira tsiku limene galasilo lidzazime.

Asilikali a m'ndege ali ndi chimene amati bingo: mafuta akafika pa mlingo umene anagwirizana asananyamuke, amatembenuka kubwerera kwawo, kaya mdani ali pafupi chotani. Mlingowo amauika ali pansi, mutu uli wozizira. Malipiro ako alibe bingo. Khalani pansi ndi mkazi wako tsiku lolandira, muchotse ya lendi, ya chakudya, ya fizi, ya njerwa, ndipo yotsalayo anene iyeyo kuti ya bandulo ya masewera ndi iti. Katapila sachedwa kubereka, mwana wanga. Malume ako aang'ono anayamba ndi ndalama ya wailesi, anathera pa kulandidwa malata padenga, mvula ikugwa. Unalipo, unathandiza nawo kusenza katundu.

Uchite izi. Kwa mwezi wathunthu usalowe pa seva ya nkhondo. Zimitsa intaneti, tenga Mustang yaulereyo, kwera pa mafiti 5,000, ugwire pomwepo mphindi khumi osakwera kapena kutsika kupitirira mafiti 100. Ukatha, khota kuchoka pa 090 (kum'mawa) kufika pa 270 (kumadzulo) kutalika kusasinthe. Ukatha, ika mitambo, ubwerezenso osaona kunja. Kenaka usiku. Zidzakutopetsa, ndikudziwa, unali wosapirira kuyambira pa masamu a Sitandade 5. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukadzabwerera kwa anzakowo udzapeza kuti ukutha kuyang'ana mdani nthawi yaitali, chifukwa mageji ukungowaba ndi diso kamodzi n'kudziwa zonse. Ndipo isapitirire 10 koloko usiku. Mwana akufuna bambo wodzuka m'mawa, abwana ako nawonso.

Chogwirira chatsopanocho, ngati bokosi lake likadalipo, chigulitse. Mnzako uja amachitama kwambiri, agule iyeyo, kashi. Ndege zogula kalezo zikhale, sizibwezeka, udzazipeza ukadzakhwima. Ine ndili ndi mbuzi ziwiri zimene ndinkasungira Khrisimasi ikubwerayi. Ndizigulitsa sabata ino kuti titseke katapilayo asanaberekenso, ndipo iwe uzindibwezera pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, popanda chiwongoladzanja, koma osadumphitsa. Amayi ako sakudziwa za mbuzizi, ndiwauza ndekha.

Undiimbire Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, mkazi wako ali pambali pako, pepala la ngongoleyo lili m'manja. Ndatumiza nyemba ndi ufa pa basi ya Lachisanu, kondakitala ali ndi nambala yako. Thumba la ufalo ulibweze, ndi la eni ake.

Ndine bambo ako.