Banjo ya nsambo 6 musagule pa chithunzi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko, kudzera m'nyuzipepala yanu, ndi anyamata oliza gitala kuno ku Chipata, makamaka a m'makwaya, amene masiku ano mitima yawo ili pa banjo. Ine ndine kalipentala wopuma, ndimakhala ku Mchini, ndipo gitala ndinayamba kuigwira ndevu zisanamere. Chandilembetsa kalatayi ndi ndalama za soya za mdzukulu wanga, zimene zina zinalowa m'madzi chifukwa chogula chinthu pongochiona pafoni.

Kufuna banjo sindikuti analakwa. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankapita m'mawa n'kubwera anthu atagona. Kiyibodi ya kutchalitchi kwathu inangofunditsidwa nsalu pakona, ndipo gitala yake yopanda magetsi inkamira kwaya ikangokweza mawu. Banjo simira. Thupi lake ndi ng'oma, chikopa chokungidwa pa mkombero, ndipo mawu ake ndi akuthwa, amakafika mpaka kwa amayi okhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Ndiye atamva kuti ilipo ya nsambo 6 yochunidwa ngati gitala, E A D G B E, yoti makodi onse amene zala zake zinazolowera amagwira momwemo, mnyamata tulo anasowa.

Anapeza wogulitsa wina wa ku Lusaka pa Facebook, anatumiza ndalama pafoni, katoni inabwera pa basi. Ine sanandiuze. Ndinaitanidwa zinthu zitathina kale: "Agogo, tabwerani mudzaone, zala zikukana." Nditainyamula ndinawerenga zochunira. Zinayi kumutu, chachisanu chili chokhachokha pambali pa khosi, pa freti yachisanu (mafreti ndi timizere tachitsulo topingasa pa khosi), pomwe chala chachikulu chimadutsa. Imeneyo ndi banjo ya nsambo 5, ija amaliza ku America m'nyimbo za bluegrass, ndipo kawirikawiri imachunidwa G D G B D, kansambo kakafupiko kali ndi mawu okwera kuposa zinzake zonse. Wogulitsa uja poyankha anangoti banjo ndi banjo basi. Titaibweza anailandira ndithu, koma ndalama anabweza zoduladula, ndipo za basi, kubwera ndi kubwerera, zinatuluka m'thumba la mwana. Safunsa anadya phula. Choyamba tsono n'chophweka mpaka kuchititsa manyazi: werengani zochunira. Zikhale 6, zonse kumutu.

Ena amainyoza ya nsambo 6 kuti ndi ya aulesi othawa kuphunzira banjo yeniyeni. Amenewo ndimangowaseka. Johnny St. Cyr wa ku New Orleans ankaliza yomweyi m'gulu la Louis Armstrong, katswiri wa lipenga, pojambula nyimbo mu 1925, gitala yamagetsi isanabadwe, ndipo vuto lake linali ngati la mdzukulu wangali: kumveka pakati pa malipenga. Django Reinhardt, katswiri wotchuka wa gitala, naye anayambira pa iyo ali kamnyamata ku Paris. Ndipo yeniyeniyo ndiye iti? Banjo inawoloka nyanja m'mitu ya akapolo ochokera kumadzulo kwa Africa, kumene mpaka lero a mtundu wa Jola ku Senegal ndi ku Gambia amaliza akonting, chipanda chokutidwa ndi chikopa, cha nsambo zitatu. Ifenso kwathu ku Chadiza m'ma 1970 tinkapanga zathu: chitini cha mafuta cha galoni, khosi la mlombwa losema ndi kasemasema, nsambo zosolola ku waya wa buleki ya njinga, mafreti a misomali yodula mitu. Wamwayi ankakungapo chikopa cha mbuzi kapena cha ng'azi, ndipo m'dzinja chikalefuka ndi chinyezi tinkachiwamba pamoto ngati ng'oma ya gule. Palibe anatifunsapo ngati zinali zenizeni. Anthu ankangovina fumbi lili kobo.

Ulendo wachiwiri ndinati tipitira limodzi ku Lusaka. Tinakwera basi ya m'bandakucha, makilomita pafupifupi 570 a Great East Road, msana wanga ukudandaula kuyambira pa Nyimba. Mayina otchuka ngati Deering ya ku California ndi Gold Tone ya ku Florida ife timangowamva. Mukaphatikiza mtengo wa madola, zonyamulira ndi msonkho wa paboda, munda wonse wa soya watha, mwinanso ndi mbuzi zomwe. Zimene munthu wamba angafikire, zambiri zimachokera ku mafakitale a ku China, ndipo zilibe mlandu chifukwa cha chimenecho. Kungoti ziwiri za dzina limodzi, zotuluka m'katoni imodzi, ina imatha kukhala yabwino inzake ili nkhuni. N'chifukwa chake chithunzi sichingakuuzeni kanthu.

M'sitolo ina tinapeza zitatu. Mdzukulu anathamangira yonyezimira kwambiri, ya maluwa ojambula kumsana. Ine ndinaitenga, n'kuika kumutu kwake pafupi ndi diso, kuyang'ana kutsika nalo khosi monga ndimachitira ndi thabwa ndisanalipale. Linali lopotoka ngati thabwa laliwisi loumira padzuwa, mbali ya nsambo zazikulu yakwera, ya zazing'ono yatsika. Chikomekome cha mkuyu. Ndinaibweza osailiza n'komwe.

Nkhani yonse yagona apa, a Mkonzi. Banjo si gitala imene zonse n'zomata ndi guluu. Banjo ndi ya mabawuti ngati njinga: chikopa mumakunga kapena kusintha, nsambo mumasintha, zochunira zikalobodoka mumagula zina za gitala n'kumangapo. Khosi ndi mkombero zokha ndiwo ukwati wa mpaka imfa. Khosi likangowerama pang'ono kutsogolo, ngati uta, limawongoka, bola m'kati mwake mukhale chitsulo chowongolera. Yang'anani kumutu, pali kachivundikiro ka timasikuluwu, pansi pake m'pamene pamalowa kiyi. Koma lopotoka palibe mmisiri angalichize pa mtengo umene munaligulira.

Yachiwiri khosi linali lowongoka. Ndinatulutsa machesi m'thumba, mnyamata wa m'sitolo akundiyang'ana ngati ndikufuna kuyatsa katundu wa abwana ake. Pa freti ya 12 ndinalowetsa kamtengo kamodzi pansi pa nsambo, kanalowa bwino. Tiwiri tosanjikiza tinakana. Ndiye kuti nsambo sizili kutali ndi khosi. Zikakwera moti timitengo titatu tilowa, zala zidzachita matuza kwaya isanamalize nyimbo yachiwiri. Kenako ndinaliza nsambo iliyonse pa freti iliyonse, imodziimodzi, kumvetsera ngati pali pamene ikulira ngati ntchentche yokodwa m'botolo. Zimatenga nthawi ndipo wogulitsa amatopa nanu, atope. Ndinayendetsanso chala m'mphepete mwa khosi kuona ngati nsonga za mafreti sizikucheka, n'kugwedeza khosi pang'ono nsambo ikulira. Mawu akamasintha kwambiri ndiye kuti khosi silinagwirane bwino ndi mkombero.

Ndinapemphanso kuti andimasulire chivundikiro chakumsana. N'zosavuta, ndi timasikuluwu tochepa totembenuza ndi zala. M'katimo mumaona chitsulo chimodzi kapena ziwiri zodutsa pakati, zogwira khosi. Ziwiri n'zabwino koposa, koma chimodzi chomangika bwino n'chokwanira. Mumaonanso ngati mkombero uli wa thabwa kapena wa aluminiyamu. Kwa khutu langa wa thabwa mawu ake amakoma, wa aluminiyamu amalira ngati mbale yagwa pasimenti, koma ine ndine kalipentala, mwina ndikukondera. Tingowe tokungira chikopa tinawerenga 24. Tikachepa kwambiri chikopa sichikungika mofanana. Za kulemera musadandaule: zodula zimakhala ndi mkombero wina wachitsulo cholemera pansi pa chikopa, moti zina zimafika makilogalamu 5, pamene zotchipazi n'zopepuka. Kwa mnyamata woibereka kumsana pa njinga kuchoka ku Mchini kupita ku Kapata, n'kukaima nayo maola awiri paukwati, kupepukako ndi dalitso.

Chinanso chimene ambiri amaiwala: yang'anani kumchira kumene nsambo zimakoledwa. Nsambo za gitala zili ndi kamkanda kachitsulo kunsonga, pamene za banjo zambiri zili ndi kagoba. Onetsetsani kuti mchirawo ukulandira za kamkanda, chifukwa kuno ku Chipata nsambo ikaduka Loweruka madzulo, zimene mungazipeze ndi za gitala. Sankhani zopyapyala, zonenepa zimapondereza chikopa.

Titafika nayo kunyumba mdzukulu anatsegula katoni n'kugwira kumutu. "Agogo, yathyoka m'basi!" Kathabwa kamene nsambo zimatsamira, kamene oimba amati bridge, kanali m'kapepala kapulasitiki pansi pa katoni. Sikanathyoke ayi. Pa banjo kathabwaka sikamatidwa, kamangoima pa chikopa mopanikizidwa ndi nsambo, ndipo malo ake mumawapeza nokha. Ndinatenga tepi yanga yoyezera. Kuchokera kumutu pamene nsambo zimayambira kufika pa freti ya 12 panali masentimita 33. Ndinayezanso 33 ena kuchokera pa fretiyo kulowa pa chikopa, n'kuika kadontho ka pensulo. Tinaimika kathabwa pamenepo, n'kuchuna. Kenako khutu: mumaliza nsambo yosagwira, n'kuilizanso mutaigwira pa freti ya 12. Mawu ayenera kukhala omwewo, okwera chabe. Akapitirira, kankhirani kathabwa kumchira. Akaperewera, kabwezereni cha ku khosi. Ife tinakasuntha pang'ono ngati kunenepa kwa njere ya mpunga, kawiri, basi makodi anakhala m'malo. Ndikukhulupirira kuti mabanjo ambiri amene ali pansi pa mabedi, eni ake akuti anagula zabodza, vuto lake ndi kathabwa kameneka.

Chikopa chinali cholefuka, mawu ake ngati munthu wa chimfine. Masiku ano n'chapulasitiki, luso limene kampani ya Remo inayamba nalo pa ng'oma mu 1957, ndipo sichisamala za dzinja kapena kutentha kwa mu Okutobala. Ndinakunga ndi kasipanala kake, kangowe kalikonse kutembenuza pang'ono chabe, kenako kamnzake ka tsidya lina, monga mmene okonza njinga amakungira masipoko kuti gudumu lisapindike. Tinazungulira katatu, ndikudina ndi chala chachikulu, mpaka miyendo ya kathabwa inasiya kuzama. Pamenepo lekani. Mukapitiriza chiphulika, ndipo ine china sindinachionepo m'masitolo a kuno. Eni masitolo a ku Down Shops, tatiganizireniko: zikopa za mainchesi 11, womwe ndi muyezo wa mabanjo ambiri, ndi timathabwa tija, sizingakudyereni malo.

Ndisakunamizeni, mawu ake si a banjo ya nsambo 5 imene mumaimva pafoni. Kulira kogubuduzika kuja kumachokera ku kansambo kakafupi kaja, ndipo apa palibe. Nsambo ziwiri zazikulu, E ndi A, pa chikopa zimangoti bufu, bufu, n'kuzima msanga. Mdzukulu tsiku loyamba anaikwapula zonse 6 ndi mphamvu monga amachitira gitala, agogo ake aakazi anatuluka m'khitchini kufunsa amene akumenya malata. Banjo imafuna kutola nsambo imodziimodzi, kapena kugunda zinayi zazing'ono zokha mofupikitsa, zazikuluzo kuzigwiritsa ntchito ngati besi. Tinapindanso kansanza n'kukalowetsa m'kati, pakati pa chitsulo ndi chikopa, phokoso lowonjezera linatha. Ena amachotsa nsambo zazikulu n'kuikapo zopyapyala zochunidwa pamwamba, dzina la mawu lomwelo, kuti makodi asasinthe koma kulira kuwale. Ife sitinayesebe.

Poona kuti mnyamata akulizira kwambiri nsambo zinayi zokha, D G B E, m'pamene china chinandigunda m'mutu usiku wina ndili gone. Kuchuna banjo ya nsambo zinayi motere n'kwakale, ku America amakutcha kachunidwe ka Chicago. Tsono banjo yoyamba ija, imene tinaibweza ndi mkwiyo, nsambo zake zinayi zazitali zinali D G B D. Kukanangofunika kukweza yomalizayo kuchoka pa D kufika pa E, kansambo kakafupi kaja n'kukamasula kukasunga m'thumba, basi makodi a gitala akanagwira, ndi zala zochepa chabe. Khosi lake ndikukumbukira linali lowongoka bwino. Ndinaigwira m'manja anga awa, ndinawerenga zochunira, ndinaweruza mlandu, osaganiza zotembenuza chochunira chimodzi. Wofuna mawu a besi aguledi ya nsambo 6 monga tinachitira ife, koma amene wapeza ya nsambo 5 kapena 4 yogwiritsidwapo kale ntchito pa mtengo wabwino, asaithawe. Za basi ya ku Lusaka, anthu awiri kupita ndi kubwera, zikanagula feteleza.

Mdzukulu wanga zimenezi sindinamuuzebe. Aziwerengera momwe muno.

Ine wanu,
Kalipentala wopuma,
Mchini, Chipata.