Kalata yotseguka kwa Mkulu wa California State Parks

Wolemekezeka Bwana,

Ndikulemba kuchokera ku Fresno, kumene ndimakhala pakati pa mabanja a Chilatino (anthu amene kwawo kapena kwa makolo awo ndi ku Latin America) amene amathyola mphesa ndi malalanje m'minda ya Central Valley. Ndikupempha kuti pulogalamu yanu ya FamCamp, yothandiza mabanja kukagona m'matenti m'mapaki a boma, ikule mpaka iwafike anthu amenewa.

Mu California muno, pafupifupi anthu 40 pa 100 aliwonse ndi a Chilatino. Misonkho yawo imathandiza kusamalira nkhalango za boma, koma ana ambiri a m'dera lathu akukula akungowaona patali mapiri a Sierra Nevada. Sanagoneko mu tenti ngakhale usiku umodzi.

Ndikuthokoza chifukwa cha chiphaso chimene munthu amabwereka ku laibulale kuyambira mu 2022, n'kukalowa nacho m'mapaki oposa 200 osalipira. Chathandiza ndithu. Komabe chiphasocho n'cha masana okha, kugona sichikhudza. Ndipo vuto lenileni lili pa kugonapo. Malo ogona amasungitsidwa pa intaneti kudzera pa ReserveCalifornia kutatsala miyezi 6, ndipo abwinowo amatha m'mawa womwewo. Nanga mayi amene amauzidwa madzulo ano ngati mawa kuli ganyu, angadziwe bwanji za Loweruka la miyezi 6 kutsogoloku? Pamenepo sitinawerengere tenti, zofunda, mbaula, mafuta a galimoto, ndi ndalama ya tsiku limene sanapite kumunda.

FamCamp ndiyo imamasula mfundo imeneyi, chifukwa imabwereketsa matenti ndi zipangizo kwa mabungwe a m'madera, n'kuphunzitsa atsogoleri awo kuyendetsa ulendo. Banja limangobwera ndi zovala zake, agogo ndi makanda omwe. Izi n'zofunika kwambiri, pakuti anzathuwa sayenda awiriawiri. Amanyamuka mtundu wonse, ndi miphika yawo, ndipo malo okwana anthu 8 okha amawachepera.

Choncho, Bwana, patulani malo ena akuluakulu m'mapaki ngati Millerton Lake kuti azidikira magulu otere, makamaka nyengo yokolola ikatha. Pakhale basi yowatenga, popeza si banja lililonse lili ndi galimoto yoti n'kukwera phiri. Ndipo wophunzitsa za mitengo, mbalame ndi nyenyezi azilankhula Chisipanishi. Zimandipweteka kuona mwana wa zaka 9 akumasulira bambo ake zonse, pamene bambowo amaidziwa nthaka ndi nyengo kuposa tonsefe. Apatseni mpata nawonso aphunzitse.

Anthu ogwira nawo ntchito alipo kale. Bungwe la Latino Outdoors, limene José González anayambitsa mu 2013, lili ndi anthu odzipereka odziwa kuitana mabanja amene amaopa yunifomu iliyonse, ngakhale ya mlonda wa nkhalango. Mantha amenewa ndi enieni, ndipo satha ndi chikwangwani cha pageti.

Pamene mukukonza bajeti ikubwerayi, ikanimo ndalama ya FamCamp ya chaka ndi chaka, kuti mabungwe azitha kuuza makolo tsiku lenileni la ulendo.

Ine wanu,
Mmalawi wokhala ku Fresno