Atiphunzitse kufunsa mafunso tisanapite kumudzi

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za mmene ife ochita digiri yachiwiri timaphunzitsidwira kafukufuku. Ndine mlangizi wa zaulimi, ndagwira ntchitoyi zaka 14, ndipo pano ndili m'chaka chachiwiri pa yunivesite ina ya boma. Fizi ndimalipira ndekha, pang'onopang'ono, kuchokera pa malipiro omwewa.

Chaka choyamba tinali ndi phunziro la njira zochitira kafukufuku. Aphunzitsi athu ndi odziwa ntchito, sindikuwanyoza. Anatiphunzitsa kuwerengera anthu oyenera kufunsidwa, kulemba pulopozo ndi kutchula mabuku amene tatengamo mfundo, ndipo mayeso ndinakhoza bwino. Koma zonsezo zinali m'Chingerezi. Za kumasulira mafunso anangotiuza kuti tikawaike m'chilankhulo cha kumeneko, basi. Ine ndinamasulira ndekha usiku umodzi, poti Chichewa ndinachita kuyamwira.

Mu Julayi ndinafika m'mudzi wina ku Dedza, mafunso ali pafoni mu pulogalamu yotolera mayankho ya KoboToolbox. Mayi woyamba ndinawapeza akutong'ola chimanga pamphasa. Nditawafunsa kuti banja lawo lili ndi anthu angati, anasiya chitsononkho n'kuyamba kuwerenga zala: ana awo, adzukulu, mwana wawo wamkazi wokhala nyumba yoyandikana pamodzi ndi mkamwini, mlongo wawo amene ali ku Joni. Anafika pa 19, ine n'kulemba. Chimene pepala la Chingerezi linkafuna ndi anthu odyera mphika umodzi, ndipo pakhomo paja analipo asanu okha. Mayiwo anayankha zoona. Funso langa ndi limene linali lopotoka, chifukwa kwa Achewa a chikamwini mawu oti banja sathera pakhomo limodzi.

Pa zokolola zinafika poipa. Foni inkafuna makilogalamu. Bambo wina anati anakolola ngolo imodzi ndi theka, chosatong'ola. Wina anawerenga matumba, wina ndowa, wina anati china anadya chachiwisi njala itavuta mu Malichi, ndiye achiwerenge kapena ayi? Ngolo nazonso sizifanana kukula. Ndinkangosintha manambala m'mutu, apa mwanjira ina, apo mwanjira ina. Kenaka panali mafunso aja oti munthu asankhe pa mayankho asanu, kuyambira kugwirizana nazo kwambiri mpaka kukana kwambiri. Agogo ena anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena mwaulemu kuti, "Alangizi, inu ndi amene mukudziwa, lembani chimene chili chabwino."

Chimene chinandipweteka kwambiri ndinachizindikira mochedwa. Munthu akafika m'mudzi ndi foni, kulemba mayina ndi kudinditsa chala pa kalata yachilolezo, anthu amaganiza za feteleza wotsika mtengo wa boma kapena Mtukula Pakhomo. Nanga wolembayo akakhala mlangizi? Aliyense anasauka tsiku limenelo. Pakhomo pena anandiuza matumba atatu, pamene nkhokwe kuseri inali yodzaza mpaka kudenga. Sindikuwaimba mlandu, chifukwa anaonapo ena akupindula polembedwa mayina. Ine ndi amene sindinakonzekere kufotokoza bwino, pamaso pa amfumu ndi khomo lililonse, kuti izi ndi za sukulu ndipo palibe chimene adzalandire.

Nditayenda makomo 40 ndinaona kuti zonse nzosagwira ntchito. Mafuta a njinga yamoto, ndalama za anyamata awiri ondithandiza, masiku a tchuthi amene ndinapempha kuntchito, zonsezo zinalowa m'madzi.

Amene ananditsegula maso ndi mnzanga wina yemwe anagwirapo ntchito yofunsa anthu pa kalembera wa 2018. Anati mafunso amamasulira munthu mmodzi, wina amene sanaone Chingerezi chake n'kuwabwezeranso m'Chingerezi, kenaka n'kufananiza kuti aone pamene tanthauzo lathawa. Akatero amakawayesa kaye m'mudzi wina wosakhala wa kafukufukuyo. Anandiuzanso kuti ndinyamule sikelo, ndiyeze ndowa ndi thumba za m'deralo ndisanafunse munthu aliyense. Zimenezi anandifotokozera pa ola limodzi tikumwa tiyi. N'chifukwa chiyani sindinazichite ndi manja anga m'kalasi, kumene ndinalipira?

Luso limeneli lilipo m'dziko muno. A National Statistical Office ku Zomba, pa kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016, anamasulira mafunso m'Chichewa ndi m'Chitumbuka ndipo anayamba awayesa asanatumize anthu m'maboma. Ku Zomba komweko kuli Centre for Social Research, kulinso Centre for Language Studies imene inakonza mtanthauziramawu wa Chinyanja. Chichokereni kugawidwa kwa University of Malawi mu 2021, pamene kunabadwa MUBAS ndi KUHeS, mayunivesite a boma alipo 6 tikawerengera LUANAR, MZUNI ndi MUST. Chaka ndi chaka amatumiza ophunzira m'midzi, m'zipatala ndi m'misika, kumene kuyankhulana kumachitika m'Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chisena, Chilomwe kapena Chitonga.

Pempho langa kwa akuluakulu a mayunivesitewa ndi a bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la National Council for Higher Education ndi loti wophunzira asaloledwe kukatolera mayankho asanathe masabata awiri akuchita zimenezi, osati kungozimva. Amasulire mafunso ake, mnzake awabweze, akawayese pa makomo 10, abwere afotokoze zimene zinalakwika. Aitanidwe amene anayenda m'midzi zaka zambiri akufunsa anthu, ngakhale alibe digiri yapamwamba, adzatiphunzitse. Makomiti oona za chilolezo cha kafukufuku nawonso aziwerenga kalata ya m'chilankhulo chathu ija mofatsa ngati mmene amawerengera ya Chingerezi, poti imeneyo ndi imene agogo amadindapo chala.

Ndikudziwa kuti anzanga ambiri amadandaula za SPSS, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira manambala a kafukufuku, mpaka ena amalipira munthu wowapangira matebulo. Zoona, tiphunzitsidwenso zimenezo, makamaka pulogalamu inzake yotchedwa R imene ndi yaulere. Koma makomo anga 40 aja akanalowa mu kompyuta akanatulutsa matebulo okongola, wondiyang'anira akanasaina, ndipo mwina wina ku unduna akanadzawerenga kuti mabanja a ku Dedza ali ndi anthu 19 ndi matumba atatu a chimanga. Zimenezo ndi zimene zimandisowetsa tulo.

Mwezi wamawa ndikubwererako. Ndagula sikelo, amfumu ndakambirana nawo kale, ndipo funso loyamba tsopano likuti, "Kodi mumadyera mphika umodzi ndi anthu angati?"

Mlangizi wa zaulimi,
Dedza