Kalata kwa mnzanga pa za chilolezo ndi ndalama zomangira sukulu

Bwenzi langa lokondedwa,

Kalata yanu ndinailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino, komanso kuti akusankhani kukhala mlembi wa komiti yomwe ikufuna kumanga sukulu ya pulaimale kumeneko. Mwandifunsa kuti ife tinayenda bwanji mpaka boma linavomereza sukulu yathu ndi kuikapo ndalama. Ndikuyankhani mosabisa mawu, ngakhale kuti zina zikhoza kukugwetsani mphwayi pang'ono.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi chakuti makolo ayamba kale kuumba njerwa pamene kalata ya chilolezo yochokera ku unduna wa zamaphunziro simunailandire. Ifenso tinatero, poganiza kuti akuluakulu a boma akadzaona mulu wa njerwa adzachita manyazi n'kutivomereza msanga, koma njerwazo zinagonera panja mvula ziwiri ndipo zambiri zinasweka. Tinazindikira mochedwa kuti boma likamavomereza sukulu silimayang'ana makoma, limakhala likulonjeza kuti lidzatumiza aphunzitsi, lidzawalipira mwezi ndi mwezi, ndiponso lidzagula mabuku chaka chilichonse kwa nthawi yonse imene sukuluyo idzakhalepo. Chipinda chophunziriramo chimamangidwa kamodzi, pamene malipiro a aphunzitsi, omwe m'maiko ambiri ndiwo amadya gawo lalikulu la bajeti ya maphunziro a pulaimale, sathera panjira. Choncho mkulu wa zamaphunziro akamazengereza kusayina, musafulumire kumuyesa wouma mtima, chifukwa m'mutu mwake amakhala akuwerengera aphunzitsi amene alibe.

Mantha amenewa ali ndi gwero lake. Pamene dziko la Malawi linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa, ndipo ana ambiri anayamba kuphunzirira pansi pa mitengo. Zofanana nazo zinaoneka ku Uganda mu 1997 ndi ku Kenya mu 2003. Kuchokera nthawi imeneyo madera opempha zipinda ndi ochuluka kuposa ndalama zomwe zilipo, kotero kuti pempho lanu lidzakhala pamzere limodzi ndi ena ambiri, ndipo lidzaposa anzake pokhapokha likakhala ndi umboni.

Umboni woyamba ndi ana enieniwo. Yendani khomo ndi khomo, mulembe ana onse a msinkhu wa sukulu pamodzi ndi amene adzayambe m'zaka zitatu zikubwerazi, muyeze mtunda wokafika kusukulu yapafupi, ndipo mufunse mphunzitsi wamkulu wa kumeneko kuti m'kalasi imodzi mumakhala ana angati. Ngati ana amawoloka mtsinje kapena msewu waukulu, lembani zimenezo momveka, pakuti ife mfundo imeneyo ndiyo inatigwirira ntchito kuposa mawu onse okoma omwe tinakonza. Pa nkhani ya malo, mawu apakamwa sakwanira. Mwini malo akhoza kupereka ndi mtima wonse lero, koma ana ake n'kudzawafuna iye atamwalira, ndiye pakhale chikalata chosayinidwa pamaso pa mboni, malire ake ataonetsedwa bwino ndi woyeza malo. Zikatero m'pamene oyendera sukulu ndi injiniya amabwera kudzaona nthaka, madzi ndi njira.

Mapulani musajambule anuanu, pemphani a ku unduna, chifukwa chipinda chosatsata muyezo wawo akhoza kukana kuchilandira. Musaiwalenso zimbudzi ndi nyumba za aphunzitsi, zomwe makomiti ambiri amaziika kumapeto ngati zosafunika. Malangizo a mu 2009 a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati pakhale chimbudzi chimodzi pa atsikana 25 alionse, ndi chimodzi pamodzi ndi malo okodzera pa anyamata 50 alionse.

Tsopano za ndalama. Chilolezo si ndalama, ndipo apa m'pamene ambiri amakhumudwira. Boma limagwiritsa ntchito zokhazo zimene zalowa m'bajeti ya chaka chimenecho, choncho fufuzani mwezi umene khonsolo yanu imasonkhanitsa mapempho a chitukuko, chifukwa mukaphonya ndi sabata imodzi yokha mudzadikira chaka chathunthu. Mukamalankhula ndi khansala kapena phungu, sikulakwa kuwakumbutsa mwaulemu kuti mu 2015, pa msonkhano wa zamaphunziro wa ku Incheon ku South Korea, maiko anagwirizana zoika 15 mpaka 20 peresenti ya ndalama za boma ku maphunziro, komabe ine ndinaona kuti pepala la maina a ana limawagwira mtima kuposa mapangano a kutali. Mabungwe aakulu monga World Bank ndi Global Partnership for Education amagwira ntchito ndi maboma, kotero kuwalembera nokha n'kungotaya nthawi. Ngakhale mabungwe ang'onoang'ono amayamba afunsa kalata ya ku unduna. Njerwa zija, mchenga ndi mphamvu za makolo muziwerengere mtengo wake ndi kuzilemba ngati gawo limene dera likupereka, pamenepo zidzakhala ndi phindu.

Ndalama zikadzatuluka, kontrakitala azilipidwa pang'onopang'ono, injiniya akatsimikiza kuti maziko, makoma kapena denga zatha bwino, ndipo kagawo kena kasungidwe mpaka papite miyezi ingapo, kuti ming'alu ikaoneka adzabwerenso kudzakonza. Malisiti onse a simenti ndi malata akhale m'faelo imodzi, popeza owerengera za chuma amabwera ntchito itatha kale.

Pakali pano apempheni makolowo kuti ayambe aima kaye, njerwa zimene aumbazo azifunditse. Mukamaliza kalembera wa ana munditumizire, kuti ndikuthandizeni kukonza kalata ya pempho isanapite ku ofesi ya zamaphunziro. Mundiperekere moni kwa mayi ndi ana.

Ndine mnzanu wa nthawi zonse.