Bala ya kwathu ikugumulidwa, koma buku la ngongole lisatayike

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo za nyumba ina imene ayamba kuisasula denga kwathu kuno, pa kamsika kena m'mbali mwa msewu wa ku Bunda musanafike pa Mitundu. Ana a masiku ano amangoti bala yakale ya malata a dzimbiri. Ine ndine mphunzitsi wopuma, mowa ndinausiya mu 1998, ndipo anzanga a kumpingo akawerenga kalatayi adabwa. Adabwe basi.

Anaimanga ndi mtchona wina, mkamwini pamudzi pathu. Anabwerako ku Joni mu 1974, chaka chimene ndege ya Wenela, bungwe lotenga anthu kupita ku migodi, inagwa ku Francistown n'kupha anyamata athu oposa 70, Kamuzu n'kuletsa zopita ku migodi. Anzake ndalama zinathera masuti ndi njinga za Humber. Iye anaumba njerwa, kukhoma malata, n'kuikamo gumbagumba ndi wailesi. Ankagulitsa masese ophika akazi ake, anthu akumwera chipanda chimodzi chozungulira. Chibuku chinabwera pambuyo. Carlsberg, ngakhale ankaifulula ku Blantyre kuyambira 1968, kuno inali ya akalaliki ndi ife aphunzitsi pakutha pa mwezi, ndipo Green mmodzi umamugwira mpaka atafunda m'manja kuti aliyense akuone.

Pamenepo ndi pamene tinkamvera mauthenga a chisoni pa MBC. Makalata a m'mudzi ankafikira pomwepo. Koma ndale ayi. A Youth League akaima pakhomo kufunsa khadi la chipani, ngakhale woledzera chotani mowa unkamuthera.

Mtchona atamwalira, abale ake anabwera kudzatenga malo. Anabwerera chimanjamanja, poti dothi linali la kuchikazi. Mayi aja ndiwo anayendetsa bala zaka zambiri kuposa wina aliyense, ndipo kalatayi ndailemba chifukwa cha iwo. Sankamwa ngakhale dontho. Ankakhala kuseri kwa kauntala ndi buku la hadikava lakuda, bolopeni atamangirira ku ulusi. Mlimi ankamwa pangongole dzinja lonse, dzina likulembedwa, n'kudzabweza fodya akagulitsidwa ku Kanengo. Akalipira, mayi ankadula mzere umodzi wowongoka pa dzinalo iye akuona, kenako n'kumuthirira ya basela.

Anali ndi malamulo awoawo. Sukulu ya pulayimale isanakhale yaulere mu 1994, ana ankabwezedwa chifukwa cha fizi, ndipo ine ndinali mmodzi wa owabwezawo. Madzulo bambo wa mwana wotere akalowa, mayi ankangoti, "Achimwene, lero kuno kulibe mowa wanu, ndalamayo mukapereke kwa ahedi." Ndinaona ndi maso anga mwamuna wandevu zake akutuluka mutu uli pansi. Pa riferendamu ya 1993, anthu atagawikana pa nyali ndi tambala wakuda, iwo analamula kuti zonsezo zizitsala panja pamodzi ndi njinga. Otsutsanawo ankakathera pa bawo pansi pa mtengo wa mango.

Za mdzukulu wawo, amene anatenga malowo pambuyo pake, sindinena zambiri. Anabweretsa pulu, dishi ya mpira ndi masacheti. Ana amene ndinawaphunzitsa ndekha ankagona m'ngalande dzuwa lili paliwombo, mpaka boma linaletsa masacheti mu 2015. Za ngongole analekeratu, analemba pakhoma kuti ngongole mawa. Corona atavuta mu 2020 anatseka, kenako anagulitsa.

Wogulayo akuti amangapo shopu ya feteleza ndi mbewu. Sindikutsutsa, feteleza timamufuna. Pempho langa n'lakuti bawo lija, limene maenje ake anasalala ndi zala za agogo athu, pamodzi ndi buku lakuda lija, azipereke kwa a gulupu zisanakathere pa moto. M'bukumo muli mayina a anthu amene ngakhale pamanda pawo palibe cholembedwa, ndi chaka chimene aliyense fodya anamuyendera bwino kapena kumugwetsa.

Ndiulule ndithu: pa tsamba lina la 1987 pali dzina langa, K2.40, lopanda mzere. Mwana wamkazi wa mayi aja akadali moyo. Bukulo likapezeka ndikalipira kwa iyeyo, adule yekha.

Mphunzitsi wopuma,
Mitundu, Lilongwe