Ndigulitse mbuzi za mayi kuti dzina langa lidzatuluke?

Zikomo Agogo,

Ndine mtsikana wa zaka 27, ndimakhala pa Bangula m'boma la Nsanje. MSCE ndinakhoza mu 2016, kenako ndinakachita dipuloma ku Blantyre, koma mpaka lero ndimangopsa ndi dzuwa m'kabenchi kotumizira ndalama pafoni pafupi ndi msika. Boma litatulutsa ntchito za ukalaliki ndinalembera, ndipo mwamwayi ndili m'gulu la oitanidwa kukalemba mayeso. Kwatsala masabata atatu.

Kuwerenga ndikuwerenga ndithu, ngakhale kuno ku Chigwa mwezi wa October mutu sugwira masana. Ndimadzuka 3 koloko m'bandakucha, n'kuyala mphasa pakhonde, kanyale ka sola pambali, miyendo n'kuikulunga m'chitenje kuopa udzudzu. Ndaloweza nthambi zitatu za boma monga mmene Malamulo a dziko a 1994 akunenera, nsanamira zitatu za masomphenya a dziko a Malawi 2063, zaulimi, mafakitale ndi mizinda, komanso lamulo la maboma ang'ono la 1998 lomwe linapereka mphamvu kumakhonsolo. Loweruka timakumana anthu anayi pansi pa mtengo wa nimu, kufunsana mafunso ndi kuyeserera kulemba memo. Masamu a maperesenti ndiwo amandipinga, koma mnzanga wina wa ku Ngabu akundithandiza.

Chandilembetsa kalatayi ndi china. Sabata yatha kunabwera bambo wina, mlamu wawo wa amalume anga, atavala shati yoyera yosita bwino, nsapato zopanda ndi fumbi lomwe ngati sanayende mumsewu wathu uno. Anakhala pampando wa ndalema, mayi n'kuwapatsa thobwa lamapira. Atamwa anatsegula foni n'kundionetsa mndandanda wa mayina, mwachangu, chala chikungothamanga, moti sindinawerengepo ngakhale dzina limodzi. Akuti ali ndi munthu wawo "m'katimo", ndipo nditapereka K300,000 dzina langa lidzatuluka ngakhale nditakalemba zamutu wanga. Theka pano, theka zotsatira zikatuluka. Nditafunsa dzina la munthuyo anangoseka, amvekere, "Mwana iwe, ofunsafunsa ndi amene amakalambira pabenchi."

Agogo, khola lathu linapita ndi madzi a namondwe Freddy mu March 2023. Mbuzi zinapulumuka zitatu zokha chifukwa mchimwene wanga anazikokera kumtunda usiku, madzi ali m'chiuno. Pano zaswana zafika zisanu ndi ziwiri, ndipo ndizo banki ya mayi anga: chimanga chikatha, mwana akadwala, fizi ya mng'ono wanga wa Folomu 3, zonse timayang'ana kukhola. Tsono mayi akuti tigulitse zinayi. Amvekere, "Mwanawe, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anzako onse akupereka, iwe ukufuna uzidzadya satifiketi?" Amalume nawo akuti ndikakana ndiye kuti ndanyoza mlamu wawo, munthu woti wabwera yekha kudzatithandiza.

Ine mtima wanga ukukana. Ndikudziwa kuti wopereka ziphuphu ndi wolandira onse ndi olakwa pamaso pa lamulo, ndipo za bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB ndimamva pawailesi. Komanso ndikaganiza bwino, malonda a bamboyu alibe luzi: ndikakhoza ndi mutu wanga adzati ndi iwo, adzatenganso theka linalo, ndikalephera adzati "munthu wathu anamusamutsa", mbuzi zitapita kale. Koma ndisaname, usiku ndikamawerenga kamawu kena kamandinong'oneza kuti nanga zikakhala zoona? Ndinalembapo mayeso otere kawiri. Ulendo wachiwiri ndinakwera minibasi usikusiku, kudutsa Nchalo, mlatho wa Kamuzu, kukwera zitunda za Thabwa, n'kukapeza holo yodzaza mpaka ena kulembera panja. Ndinatuluka ndikuti ndaphula, koma dzina silinatuluke. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinalephera ine kapena ena anandidumpha.

Ndiye ndithandizeni nzeru. Ndiwakanire bwanji mayi popanda kuoneka wamwano, poti akuchita izi chifukwa chondikonda? Bamboyu ndikamunene, kapena ndingomusiya poopa kuphwasula ubale wa amalume? Nanga ndikakana, kenako dzina n'kusatulukanso kachitatu, ndidzawayang'ana bwanji mayi kumaso?

Ngati mungathe, mundiuzekonso mmene ndingagawire masabata atatuwa. Gulu lathu la pa WhatsApp ladzaza ndi mapepala omwe akuti ndi a mayeso akale, ena mayankho ake akutsutsana, ndiye sindikudziwa ngati ndizitaya nawo nthawi kapena ndilimbikire masamu ndi Chingerezi basi.

Chonde yankhani msanga. Bamboyu anati abweranso Lachisanu, ndipo dzulo madzulo ndinapeza mayi ali kukhola ndi mnyamata wina wogula mbuzi, akuzigwiragwira pamsana.

Ine wothedwa nzeru,
Bangula, Nsanje